Chikhatho, zala ndi kanyanga: mmene alenje akale ankayezera onga

Mfuti ya gogodela siikhululukira munthu amene walakwitsa muyezo. Mfuti za masiku ano zimangolandira chipolopolo chomwe chabwera kale ndi onga wake, woyezedwa ndi makina kufakitale, ndipo woombayo alibe chonena pa kuchuluka kwake. Gogodela ndi nkhani ina. Mwini mfuti amathira yekha onga kukamwa kwa mfutiyo, n'kutsindira ndi ndodo, n'kuponyamo chipolopolo, n'kutsindiranso. Wogamula kuti ongawo uchuluke bwanji ndi iye mwini, ali m'thengo, thukuta lili kamukamu, mwinanso njati ili potero. Akaumira onga, chipolopolo chimangoilasa nyama osaigwetsa, ndipo mlenje aliyense amadziwa kuti njati yovulala imatembenuka n'kuyamba kusaka munthu. Akathira modzaza manja, mfuti imamukankha mpaka kumugwetsa chagada, kapena mpope wake umang'ambika n'kumudula zala.

Pakati pa kuchepa ndi kuchuluka pali kampata kakang'ono, ndipo kwa zaka mazanamazana anthu a ku Ulaya, ku Asia, ku America ndi kuno ku Africa ankakapeza kampatako popanda sikelo. Ankadalira chikhatho, zala, nsonga ya nyanga, kabango, fupa la mbalame, khutu ndi maso. Alipo amene amati kumeneko kunali kungolota. Ine sindivomereza. Njira zimenezi zikaikidwa pa masamu, zambiri zimapezeka kuti zinali ndi mutu, ndipo pamene zinkalephera, chifukwa chake chimaonekanso poyera.

Choyamba kudziwa ndi khalidwe la onga wakuda. Ndi msanganizo wa makala, sulufule ndi mchere wotchedwa saltpetre, ndipo ukapsa, gawo lalikulu limasanduka utsi ndi mwaye osati mpweya wokankha chipolopolo. Chifukwa cha ichi, mphamvu yake imakwera pang'onopang'ono pamene ukuwonjezeredwa. Kupyola muyezo ndi timbewu tochepa sikusintha zambiri. N'chifukwa chake ngakhale lero, anthu a ku Ulaya ndi ku America amene amaombera mfuti zachikale pa mipikisano amayeza onga wakuda ndi kachibekete, osati pa sikelo. Manambala amene amalembedwa pa kachibeketeko ndi a muyezo wakale wa Angerezi wotchedwa grain. Ma grain 7,000 amapanga paundi imodzi, kutanthauza kuti galamu imodzi ndi ma grain 15 ndi theka, pafupifupi. Palinso dram, yomwe ndi ma grain 27 ndi pang'ono.

Asilikali anali ndi miyezo yawo yolembedwa. Mfuti ya Angerezi yotchedwa Brown Bess, ya mpope waukulu pafupifupi mamilimita 19, inkadya ma dram 6, omwe ndi magalamu 10 ndi pang'ono, kuphatikizapo kaonga koyatsira. Ya Enfield ya 1853, ya mpope wocheperapo, inkadya ma dram awiri ndi theka. Ya Springfield imene inamenya nkhondo yapachiweniweni ya ku America inkadya ma grain 60. Msilikali sankafunika kuganiza. Koma mlenje wa m'nkhalango za Kentucky, wa m'chigwa cha Luangwa kapena wa m'mphepete mwa Zambezi analibe buku la malamulo. Anayenera kudzipezera yekha muyezo.

Chipolopolo pachikhatho

Njira yodziwika kwambiri kuchokera ku America ndi ya chikhatho. Mlenje ankaika chipolopolo chobulungira cha mtovu pakati pa chikhatho, n'kuzula chotsekera cha nyanga ya onga ndi mano, n'kuthira onga pamwamba pa chipolopolocho mpaka chitangobisika. Kamulu kameneko ndiye muyezo. John James Audubon, katswiri wojambula mbalame amene anakhala ku Kentucky kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, anafotokoza mlenje akuchita zimenezi asanapite kukasaka usiku.

Nzeru yake yagona apa. Onga ukathiridwa umapanga kamulu kosongoka, ndipo kutsetsereka kwa kamuluko sikusintha kwenikweni. Chipolopolo chikakula, kamulu kofunika kuchikwirira kamakulanso. Chipolopolo chimene chakula kawiri m'mimba mwake chimalemera kasanu ndi katatu, ndipo kamulu kochikwirira kamachulukanso kasanu ndi katatu. Motero onga ndi mtovu zimayendera limodzi, kaya mfutiyo ndi yophera agologolo kapena zimbalangondo. Munthu amene anatulukira zimenezi mwina sankadziwa n'komwe kulemba dzina lake, koma anagwira lamulo la masamu limene ana athu amaliphunzira kusekondale.

Vuto ndi dzanja. Chikhatho chikafumbatidwa pang'ono, onga wochepa umakwanira kubisa chipolopolo. Chikatambasulidwa, ongawo umafalikira ndipo muyezo ukhoza kukula kwambiri. Chikhatho cha thukuta chimamata onga, mphepo imauuluza. Anthu awiri, chipolopolo chimodzi, miyezo iwiri yosiyana. N'chifukwa chake chikhatho chinali poyambira chabe, kapena chothandiza pangozi munthu akataya muyezo wake weniweni.

Njira ya zala, yomwe inali yofala pa mfuti zazitali zamalonda zimene zinadzaza kumadzulo kwa Africa, zotchedwa Dane gun, inkayeza ongawo uli kale m'mfuti. Ndodo yotsindira ikalowa mu mpope wopanda kanthu, imamira mpaka pamalo odziwika. Mukathiramo onga, ndodoyo imatsalira kunja. Mlenje ankasanjika zala m'mbali mwa chotsaliracho n'kuwerenga: zala ziwiri, zala zitatu, zala zinayi. Mwana wophunzira ulenje ankauzidwa kuti nyama yakuti imafuna zala zakuti.

Tiyeni tiziyese. Chala cha munthu wamkulu m'lifupi mwake ndi pafupifupi masentimita awiri. Mu mpope wa mamilimita 19, onga wofika msinkhu wa chala chimodzi umalemera pafupifupi magalamu 5. Zala ziwiri ndiye zimafika pa muyezo uja wa asilikali a Brown Bess, ngati kuti anapangana. Koma mu mpope wa Enfield, wosakwana mamilimita 15, chala chomwecho chimapereka magalamu atatu okha. Apa pali ubwino wake: mpope ukachepa, muyezo umachepa wokha. Palinso ngozi yake: zala zinayi mu mpope waukulu ndi kawiri muyezo wa asilikali, ndipo mfuti zambiri zamalonda zinali zosulidwa mothamanga ku Birmingham ndi ku Liège, ndi chitsulo chotchipa. Zinkapirira chifukwa onga wamalonda umene unkabwera nazo unali wa mbewu zikuluzikulu, wofooka, ndipo kawirikawiri unkafika utayamwa chinyezi paulendo wa panyanja ndi wa pamutu. Muyezo waukulu unali yankho la onga wofooka. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi pamene pali imfa ya njira zonsezi.

Azungu osaka njovu nawonso ankachita zofanana. Frederick Selous, amene anayamba kusaka m'dziko la mfumu Lobengula mu 1872, anali ndi mfuti zikuluzikulu zothirira kukamwa, zoponya chipolopolo cholemera kota ya paundi. Onga ankautapa ndi dzanja m'thumba lachikopa la m'chiuno n'kuukhuthulira mu mpope, nthawi zina akuthamangira njovu. M'buku lake la 1881, A Hunter's Wanderings in Africa, akusimba za tsiku limene mfuti inakana kulira, mnyamata womunyamulira mfuti n'kuithiranso onga ndi chipolopolo pamwamba pa zoyambazo. Ataomba, anaponyedwa pansi, tsaya litang'ambika. Iye mwini anadzadandaula pambuyo pake kuti kukankha kwa mfuti zimenezo kunamuonongera kukhazikika kwa dzanja pa kuombera kwake konse. Dzanja lodzaza onga si muyezo. Ndi kulimba mtima kophatikiza ndi mwayi.

Kanyanga ka mfuti imodzi

Mlenje wokhazikika ankapitirira pamenepo. Akapeza muyezo umene mfuti yake imaukonda, ankaupangira nyumba. Ku America ankadula nsonga ya nyanga ya mbawala za kumeneko kapena ya ng'ombe, n'kuiboola pang'onopang'ono, akuyesa, mpaka dzenjelo litakwana onga wa kuomba kumodzi. Ena ankagwiritsa ntchito fupa la mwendo wa nkhukundembo, ena dzino la chimbalangondo, ena kachidutswa ka bango kodulidwa pamfundo. Kenako ankakamangirira ndi kachingwe kachikopa ku nyanga ya onga kapena ku thumba la zipolopolo. Kukulitsa muyezo kunali kuboola mozamirapo. Kuchepetsa kunali kusenga kukamwa kwake ndi mpeni.

Kapezedwe ka muyezowo n'kamene kamandichititsa chidwi koposa. Munthu ankayamba ndi onga wochepa, akuombera chizindikiro pa mtengo, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Ankamvetsera kulira kwa mfuti. Onga ukachepa, mfuti imalira mogonthera, ngati yatsekedwa pakamwa. Ukakwana, imalira mothetheka, ndipo khutu lozolowera limamva kusinthako, komwe kumabwera pamene chipolopolo chayamba kuthamanga kuposa liwiro la phokoso. Kumayiko ozizira ankaombera pamwamba pa chipale chofewa kapena pa nsalu yoyera yoyala pansi. Akaona timbewu takuda tosapsa tagwera pamenepo, ankati mpope wakhuta, wowonjezerayo ukungotayika. Ankatolanso kansalu kokulungira chipolopolo kakagwa patsogolo: kakakhala kopsa kapena kong'ambika, china chake sichili bwino. Pomaliza ankayang'ana ngati zipolopolo zikugwera pamodzi. Kumeneku ndi kuyesa, kuona zotsatira, kusintha chinthu chimodzi, n'kuyesanso. Aphunzitsi a sayansi sakanapeza cholakwika pa ndondomeko yotere.

Chotulukapo chinali muyezo wa mfuti imodzi yokha, ndi onga wa mtundu umodzi wokha. Zili ngati mayi amene amadziwa mphika wake: manja angati a ufa amakwana madzi ofika pakuti. Mupatseni mphika wina ndi ufa wina, ayambiranso kuphunzira. Mlenje wobwereka kanyanga ka mnzake osafunsa kuti ndi ka mfuti yotani ankaiwala kuti safunsa anadya phula.

Kanyangako kanalinso ndi ntchito ina, yoteteza moyo. Mfuti ikangoombedwa, pansi pa mpope pamatha kutsala kakhala koyaka, kochokera ku kansalu kokulungira chipolopolo kapena ku mwaye. Munthu akathira onga molunjika kuchokera m'nyanga yaikulu, motowo umakwera ndi mtsinje wa ongawo mpaka kulowa m'nyangamo, ndipo chimene wagwira m'manja chimasanduka bomba pafupi ndi nkhope. Akathira kuchokera m'kamuyezo, nyanga yaikulu ili chitsekere, choipitsitsa chimene chingachitike ndi kupsa zala. Lamulo limeneli likadali loyamba kwa aliyense wophunzira mfuti zachikale.

Kuchokera pa muyezo umodzi, anthu anaganiza zonyamula miyezo yambiri yokonzeratu. Asilikali a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1600 ankavala lamba wopingasa pachifuwa, polendewera timabotolo tamtengo, kawirikawiri 12, kalikonse ndi onga wa kuomba kumodzi. Tinkagundana n'kumasokosa poyenda, ndipo popeza mfuti za nthawiyo zinkayatsidwa ndi chingwe chonyeka, ngozi inali pafupi nthawi zonse. Ku Japan, kumene Apwitikizi anafika ndi mfuti pa chilumba cha Tanegashima mu 1543, kunabwera hayago, kachubu kansungwi, kamtengo kapena kanyanga kosungira onga ndi chipolopolo pamodzi. Kumapiri a Caucasus amuna ankasokerera timatumba pachifuwa cha mkanjo, mbali zonse ziwiri, moikamo timachubu totchedwa gazyr. Lero timachubuto n'tokongoletsa chabe pa zovala za ovina a ku Georgia, koma poyamba tinali onga woyezeratu.

Mapeto a njira imeneyi anali kapepala kokulungiramo onga ndi chipolopolo, kamene msilikali ankakaluma kumapeto n'kukhuthulira mu mpope. Kanthu kakang'ono chotero kanayatsa moto ku India. Mphekesera yoti mapepala a mfuti yatsopano ya Enfield anapakidwa mafuta a ng'ombe ndi a nkhumba inakwiyitsa asilikali a Chihindu ndi a Chisilamu omwe, ndipo mu May 1857 kuukira kunabuka ku Meerut. Zifukwa za nkhondoyo zinali zambiri ndi zozama, koma chimene chinafika pamilomo ya msilikali ndi kapepala ka onga.

Kwathu kuno

Gogodela inafika m'dera lathu lino kudzera njira ziwiri. Ina inachokera kugombe la kum'mawa, ku Kilwa ndi ku Zanzibar, ndi amalonda a Chiswahili ndi a Chiyao. Ina inakwera Zambezi ndi Apwitikizi ndi Achikunda, omwe anatchuka ndi kusaka njovu mpaka ku Luangwa. Mfuti ndi timigolo ta onga zinkasinthanitsidwa ndi minyanga ndi anthu, ndipo zimenezi siziyenera kubisidwa: onga umene unkapha njovu ndi womwewo unkatentha midzi. Mphamvu za Jumbe ku Nkhotakota, za Makanjira ndi Mponda kum'mwera kwa nyanja, ndi za Mlozi ku Karonga, yemwe anapachikidwa mu December 1895, zinatsamira pa kukhala ndi onga wokwanira.

Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, koma linasiya khomo lotsegula pa mfuti zachikale zoyatsira mwala ndi onga wamba wamalonda. Zotsatira zake, pamene Ulaya ankaiwala mfuti yothirira kukamwa, kuno inakhala mfuti ya m'mudzi kwa mibadwo ingapo. Amisiri osula anaphunzira kuikonza, kuisintha, ngakhale kupanga yatsopano. Stuart Marks, amene anakhala pakati pa Abisa a m'chigwa cha Luangwa m'zaka za m'ma 1960 n'kulemba buku lotuluka mu 1976, anapeza alenje akusakabe ndi mfuti zoterezi, zina zolandirana kuchokera kwa makolo. Giacomo Macola, m'buku lake la 2016 lonena za mbiri ya mfuti pakati pa Africa, anasonyeza kuti anthu a kuno sanangolandira mfuti mmene inabwerera, koma anaiweta n'kuilowetsa m'miyambo yawo. Mlenje wamkulu ankaphunzitsa omutsatira mankhwala a ulenje, zoletsa, kuwerenga mapazi ndi mphepo. Kudziwa kudyetsa mfuti kunali mbali ya maphunziro omwewo, ndipo kunkayenda pakamwa ndi pamanja, osati papepala.

Koma nzeru yoyenda chotero imakhala yomangirizika ku nthawi yake. Muyezo wa agogo unali woona pa onga wa agogo. Onga wakuda womwewo umasiyana: wa mbewu zikuluzikulu umapsa mochedwa, wosalala umapsa mofulumira n'kukankha mpope mwamphamvu, ndipo n'chifukwa chake masiku ano amaulemba Fg, FFg, FFFg mpaka FFFFg malinga ndi kusalala kwake. Ku Ulaya anachita kupanga kachida kooneka ngati kamfuti kam'manja, kokhala ndi gudumu la manambala, kongoyesera mphamvu ya onga watsopano asanaukhulupirire. Mlenje wa m'mudzi analibe kachida kotere. Onga wa m'sitolo ukasowa n'kubwera wina wopangidwa mwamseri, wosadziwika mphamvu, kanyanga kakale kaja kamanama, mwini wake osadziwa.

Choopsa koposa ndi onga wopanda utsi, umene Paul Vieille anautulukira ku France mu 1884 ndipo ndi umene uli m'zipolopolo zonse zamakono. Umaoneka ngati wachibale wa onga wakuda, nthawi zina ndi wakuda ndithu, koma khalidwe lake ndi lina. Ukapanikizika umapsa mofulumirirapo, ndipo kufulumirako kumawonjezera kupanikizika. Palibe chikhatho, palibe zala, palibe kanyanga kamene kangauyeze bwino mu gogodela. Munthu wopasula chipolopolo chamakono kuti atengemo onga wothira m'mfuti yachikale, makamaka yopangidwa ndi paipi wamba, akuika manja ndi maso ake pa njuga imene sangapambane kwa nthawi yaitali. Chimodzimodzi wosatsindira chipolopolo mpaka chitakhala pa onga: mpata wa mpweya wotsala pakati umatha kutupitsa kapena kung'amba mpope.

Ngozi ina ndi ija inagwera Selous, kuthira kawiri, ndipo siisankha wophunzira kapena wosaphunzira. Nkhondo ya ku Gettysburg itatha mu July 1863, anatola mfuti zoposa 27,000 pabwalo la nkhondo. Pafupifupi 24,000 zinali zothiridwa, ndipo zoposa theka la zimenezo zinali zitathiridwa koposa kamodzi. Imodzi anaipeza ndi miyezo 23 yosanjikizana. M'phokoso ndi mantha, asilikali sankadziwa kuti mfuti sinalire, ankangothira ndi kuthira. Mankhwala a vutoli ndi aja a zala: kulemba kamzere pa ndodo yotsindira pamene imafika mfuti ili yopanda kanthu, ndi kena pamene imafika ili ndi muyezo umodzi. Ndodo ikatsalira kunja kupyola kamzere kachiwiri, mfutiyo siyoombera. Njira ya mlenje wa Dane gun, yomwe ena ankaiseka, inali ndi chitetezo chimenechi m'kati mwake, chifukwa iye ankayang'ana ndodo nthawi iliyonse akathira.

Sindikulemba izi kuti gogodela ibwerere m'nkhalango. Ku Malawi kusunga mfuti popanda chiphaso ndi mlandu, ndipo lamulo la nyama zakutchire, chikonzedwereni mu 2017, limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu. Nyama zimene zatsala ku Kasungu, ku Vwaza ndi ku Nkhotakota n'zochepa kwambiri kuti zipirire ulenje wa masiku a Achikunda. Chimene chikundivuta ndi kutayika kwa chidziwitso. Mfuti yakale ikapezeka m'denga la nyumba ya malemu, maso onse amathamangira pa mfutiyo. Thumba lachikopa louma, nyanga yong'aluka ndi kabango kolendewera pa chingwe zimakokoledwa limodzi ndi zinyalala, chonsecho kabangoko n'kamene kangatiuze mmene mwini wake ankaganizira.

Ogwira ntchito m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, kaya ku Chichiri, ku Karonga kapena ku Mangochi, ndi ophunzira a mbiri m'mayunivesite athu, angathe kuchita ntchito imeneyi popanda kugwira onga ngakhale kambewu kamodzi. Kamuyezo kakapezeka, akadzaze mchenga wosalala n'kulemba kukula kwake m'mamililita, ayeze kukamwa kwa mfuti imene kanali nayo, ayang'ane ngati ndodo yotsindira ili ndi timizere, ndipo zitatuzi zisungidwe pa nambala imodzi. Kenako apite kwa akuluakulu amene anaperekezako abambo awo kuuzimba ali anyamata, akawafunse kuti njati inkafuna zala zingati, mbawala zingati, onga ankaugula kuti, ndipo nyengo ya dzinja ankausunga bwanji kuti usanyowe.